Njinga ya Nyanga za Nkhosa

Ndikukumbukira chaka chimene abambo anga anasanduka katswiri wa njinga. Sikuti anali atakhalapo nayo yawoyawo ayi. Ukatswiriwo anabwera nawo kuchokera ku Joni, kumene anakhala zaka zisanu akukumba pansi pa nthaka. Kumeneko anapalasapo njinga ya mnzawo mozungulira komponi, ndipo Lamulungu ankatsamira mpanda n'kumaonerera azungu akudutsa pa msewu. Kwa iwo maphunziro amenewo anali okwanira.

Ine ndinali ndi zaka khumi. Mwendo wanga wakumanzere unali wowonda ndi wofooka kuchokera pamene ndinadwala ndili wamng'ono. Sukulu ya m'mudzi mwathu, kumapiri kuja kumtunda kwa boma la Ntcheu, inkathera m'makalasi oyambirira, ndipo aphunzitsi anati ndikapitirize ku mishoni kumene atsikana ankagonera konko. Koma kumeneko munthu wa miyendo iwiri yabwino ankanyamuka m'mamawa n'kukafika dzuwa litapendeka. Azakhali anga, mlongo wawo wa abambo, anali atapeza kale nzeru yake: mwana wotsimphina sukulu n'njachiyani, aphunzire kusoka mphasa basi.

 Amayi anatenga ndalama zimene anasunga pogulitsa kachewere zaka ziwiri, anazimanga pa kansalu, n'kuziika m'manja mwa abambo.

"Bambo a Rozina, ndalama ndi zimenezi, zina kulibe. Mukagule njinga yoti muzikamutulira mwanayu Lolemba n'kukamutenga Loweruka. Ikhale ya chishalo chabwino ndi kaliyala wolimba. Mupite naye akayese yekha."

"Nankhoma, za njinga musandiuze ine," anatero abambo. "Ndaziona zambiri."

Tinatsikira ku boma pa ngolo ya anansi athu. Sitolo ya mmwenye inkanunkhira palafini, sopo ndi nsalu zatsopano, ndipo ine ndinkapuma mozama kuti fungolo ndipite nalo kwathu. Njinga zogulitsa zinalipo zitatu. Yoyamba inali yatsopano, yakuda bii, yonyezimira. Abambo atamva mtengo wake anaipeza ndi zilema zambiri nthawi yomweyo. Yachiwiri inali panja, ya mkulu wina dzina lake a Zuze, amene anali atapuma ntchito ya umesenjala. Inali yolemera, penti yonse itasupuka, chishalo chake chachikulu ngati lichero chokhala pa masipuling'i awiri, kaliyala wake woti n'kugonekapo mbuzi. Mtengo wake unkalingana ndi kansalu kathu ngati kuti a Zuze anasuzumiramo.

Ndiye panali yachitatu. Inasiyidwa ndi mzungu wina wa ku esiteti pobwerera kwawo. Inali yobiriwira, yowonda ngati galu wa m'chilala, matayala ake ngati chala changa chachikulu. Zogwirira zake zinapindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, chishalo chake chinali kachikopa kouma kosongoka kutsogolo, ndipo kaliyala kunalibe n'komwe. Abambo ataiona maso awo anachita kunyezimira.

Pakhonde la sitolo panali amuna angapo amene ntchito yawo inali kukhala pakhonde la sitolo. Palibe mmodzi yemwe anali ndi njinga, motero onse anali ndi ufulu wolangiza. Anagwirizana kuti yobiriwirayo ndiyo ya mabwana, ndipo kuti munthu wochokera ku Joni sangamaoneke pa ngolo ya mesenjala. Abambo anainyamula ndi dzanja limodzi kuti anthu aone kupepuka kwake, anthuwo anati mayo ine.

Ndinawakoka malaya. "Abambo, nanga ine ndizikhala pati?"

"Pa chitsulo chapakatichi. Ana a azungu amakhala pamenepo."

Mpaka lero sindinakumanepo ndi mwana wa mzungu woti anditsimikizire zimenezo. Abambo anaigula yobiriwirayo, ndipo tindalama totsala anagulira belu ndi timalata tomangira buluku m'miyendo, pakuti zimenezo ndizo zinali zofunika kwambiri pa maphunziro anga.

Pamene msewu unali wosalala zinthu zinayenda bwino. Mphepo inkandiomba kumaso, abambo akuimbira belu nkhuku, ana ndi mitengo yomwe. Titayamba kukwera njira ya miyala, njinga ija inayamba kutiuza maganizo ake. Chitsulo chinandidya ntchafu mpaka mwendo wanga wabwino uja unachita dzanzi n'kufanana ndi unzake. Aka kanali koyamba kuti miyendo yanga igwirizane pa chinthu. Abambo anali atawerama pamwamba panga chifukwa cha nyanga zija, ndipo mwala uliwonse chibwano chawo chinkandigogoda pa liwombo. Ndinkamva akubuula pansipansi, thukuta lawo likudonthera m'khosi mwanga. Kenaka anasanduka munthu waulemu kwambiri. Aliyense wokumana naye, ngakhale wosamudziwa, ankatsika n'kumupatsa moni wautali, kufunsa za ana, za mvula ndi za ng'ombe, ataima miyendo chotangadza.

Tayala lakumbuyo linaphulika tisanafike n'pakati pomwe. Abambo anaika njinga paphewa kuti isapindike, ine ndikutsimphina pambuyo ndi ndodo. Pa chitunda china ndinagwa n'kusupuka bondo, ndipo ndinalira, osati chifukwa cha bondolo koma chifukwa ndinkaona mphasa za azakhali zikundiyembekeza. Abambo anaiponya njinga ija pa udzu, anandibereka, n'kunena chapansipansi kuti, "Tonthola mwanawe. Kusukulu upita ndithu." Kuyambira pamenepo ankandinyamula kukandikhazika patsogolo, n'kubwerera kukatenga njinga, n'kubweranso. Njira ya kwathu anaiyenda katatu tsiku limodzi. Tinafika ng'ombe zikulowa m'khola.

Amayi anaizungulira njingayo pang'onopang'ono, anadina chishalo ndi chala, n'kupukuta chalacho pa chitenje.

"Yokongola zedi," anatero. "Tiipachike pakhoma, alendo aziiona."

Masiku atatu abambo sanakhale pansi. Ankadya chiimire, ati ku Joni anthu otsogola amadya choncho. Lamulungu kutchalitchi anagwada kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale nthawi ya ulaliki, moti akatekisi anawatchula ngati chitsanzo cha munthu amene migodi sinamuwononge chikhulupiriro. Madzulo ake azakhali anabwera atasenza mtolo wa bango, anautula pakhomo pathu, n'kundimwetulira mwachifundo.

M'mawa mwake amayi anamanga chitenje molimba, anandikweza pa ngolo ya anansi ija, iwo n'kumakankha njinga pambuyo mpaka ku boma. Mwini sitolo anati katundu akatuluka sabwerera. Amayi sanataye naye nthawi. Anafunsira kunyumba kwa a Zuze, ndipo kumeneko tinapeza mwayi: mwana wawo, kalaliki wovala tayi, anali akuisirira yobiriwirayo kuyambira kale kuti azidutsa nayo pamaso pa atsikana. Ulendo wake wonse unali wochokera kunyumba kukafika ku ofesi, pafupi poti n'kuitana munthu akumva. A Zuze anavomera zosinthana njingazo.

Koma amayi sanalole msanga. Anakhala pa kaliyala iwo eni, n'kuwauza a Zuze kuti awapalase pa miyala ya kuseri kwa msika, kawiri. Amuna a pakhonde aja anaimirira kuti aone bwino, mwina koyamba sabata imeneyo. Kenaka anandikhazika ine, a Zuze n'kuzunguliranso.

"Pakupweteka pati?" anandifunsa amayi.

"Palibe."

"Basi, ndi yomweyi." Anamasula belu pa yobiriwira ija, poti linali lathu, n'kuyamba ulendo. Kupalasa sankadziwa, choncho anaikankha njira yonse yokwera ija, ine nditakhala pambuyo ngati mkwatibwi.

Abambo anaiyang'ana, anagwedeza chishalo, anakhosomola, n'kunena kuti imeneyi ndiyo anali nayo m'maganizo kuyambira pachiyambi, yoyamba ija anangofuna kuyesera msewu. Amayi anavomera kuti inde, msewuwo unayesedwadi. Bango la azakhali tinakonzera mpanda wa nkhuku.

Koma ndisawanamizire abambo anga. Zaka zinayi anandinyamula pa chinjinga chonyansacho, Lolemba lililonse ndi Loweruka lililonse, m'matope a mu Januwale, m'chisanu cha mu Juni chimene chinkaumitsa zala, atafunda chiguduli kumutu. Sindikumbukira tsiku limene anadandaula. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi, anaimirira pamaso pa abale n'kulengeza kuti mwana uyu waphunzira chifukwa bambo wake amadziwa kusankha njinga. Amene anaomba m'manja kwambiri anali amayi.

Masiku ano njinga zili mbwee pa boma paja, anyamata a kabaza akulimbirana nkhalamba ngati ine, makaliyala awo atawaika makushoni a maluwa. Mwana wotsimphina sasowanso pokwera. Koma chitukuko chenicheni ndinakachiona ku Lilongwe chaka chatha. Mdzukulu wanga ananditengera m'nyumba ina yamagalasi, mmene anthu amalipira ndalama kuti apalase njinga zokhomeredwa pansi. Anakwera imodzi, n'kuyamba kupalasa mwamphamvu akudziyang'ana pa kalilole. Ndinamufunsa kuti akupita kuti. Anati sakupita kulikonse agogo, akungofuna atuluke thukuta. Ndinakhala pa benchi n'kumudikira kuti afike.