Chitenje Chofiira cha Amayi

Fungo la petulo wa jenereta likandipeza, mpaka lero ndimabwerera pa Ngabu, m'kanyumba ka vidiyo kuseri kwa msika, momwe tinkathithikana pa mabenchi malata akuthetheka ndi dzuwa. Inali nyengo yogulitsa thonje. Timaulusi take tinkamatirira paliponse, m'tsitsi, pa zovala, ngakhale m'ndiwo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo panali patatha zaka ziwiri bambo anga atamwalira.

Amayi anali akuvalabe zakuda. Azimayi anzawo a kumpingo anawauza kangapo kuti nthawi yovula inakwana kale, koma iwo ankangoti mawa. Kenaka kunayamba kubwera a Zuze, okonza njinga za kabaza m'mbali mwa msewu waukulu. Ankafika masana, zikhadabo zili bii ndi girisi, atanyamula mlamba wouma, n'kukhala pa mpando wa bambo pansi pa mtengo wa nimu. Munthuyo sanandilakwire chilichonse, koma ndinkamuda koopsa chifukwa cha mpandowo.

Thonje litagulidwa, amayi anagula chitenje chofiira cha maluwa achikasu n'kuchiika m'sutikesi. Loweruka lina anandiuza kuti ndisambe, tikaonere filimu. Ndinadabwa, poti iwo ankati ku vidiyo n'kwa anthu osowa chochita.

Filimuyo inali ya amwenye, m'chilankhulo chomwe mwini vidiyo anati n'Chitamili. Iye ankaima pambali n'kumatimasulira, zina zongopeka. Atatulukira mkazi wovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, tonse tinamuyesa mkwatibwi, ndipo azimayi a kumbuyo anaimba nthungululu. Mwini vidiyo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mukululutira maliro inu! Kwawoko zoyera n'za akazi amasiye." Amayi anaweramira pa chitenje chawo chakuda.

Mkazi uja ankadyera payekha, ndipo kukakhala ukwati ankamutsekera kuchipinda. Ndisaname, ndinalira mpaka mamina. Pamapeto mphunzitsi wina anamukwatira, mkaziyo atavala nsalu yofiira, maluwa ali m'tsitsi. Anthu anaomba m'manja. Ndinamva dzanja la amayi likufinya langa, lonyowa ndi thukuta, ndipo pomwepo ndinazindikira chimene ananditengera kumeneko.

Titatuluka tinaima pomwe azimayi ankagulitsa masau. Amayi anafunsa osandiyang'ana, "Waiona bwanji, Lute?"

"Mkazi uja ngwopanda manyazi," ndinatero mokweza, misozi isanaume n'komwe. "Mwamuna wake atati adzuke, atha kumulavulira."

Azimayi a masau anaseka, wina n'kuti mwanayu ali ndi pakamwa. Ndinkadziwa bwino lomwe kumene ndikulasa. Amayi sanandikalipire. Anangondichotsa kaulusi ka thonje m'tsitsi, n'kunena kuti tiye kwathu.

A Zuze anabweranso kawiri kokha. Ulendo womaliza analankhulana ndi amayi mwachidule kuseri kwa khitchini, n'kusiya mlamba pa mpando uja osakhalapo. Chaka chotsatira tinamva kuti akwatira kwina. Ine ndinkayenda monyada ngati ndathamangitsa mbuzi m'munda.

Amayi anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi nthawi imeneyo. Msinkhu umenewo ndinaupitirira kalekale, ndipo manyazi anga akhala akukula nane. Sindinawapepese. Ndinkangoti mawa. Atamwalira chaka chatha, ndinapeza chitenje chija pansi pa sutikesi, chili gwa, chisanaonepo madzi.

Ndili mwana ndinkati ndateteza mpando wa bambo. Mpandowo chiswe chinaudya mvula yotsatira isanathe. Lero ndikudziwa kuti Loweruka lija mayi wamkulu anasowa mawu, n'kubwereka filimu ya anthu akutali kuti apemphe chilolezo kwa kamwana kake. Ndipo ine ndinawakaniza pamsika, anthu akumva.