Makalavani M'munda wa Abambo

M'mawa umene namondwe analeka, mayi amene ndikufuna ndikuuzeni nkhani yake anaima pa geti la munda wa bambo ake, manja ali m'chiuno. Nyanja yamchere inali itabwerera pamalo pake, ili phee ngati sinalakwe kanthu. Koma kwa masiku awiri mafunde anali atalumpha mtumbira wa mchenga umene unkatchinga mundawo, n'kulowa mpaka pafupi ndi khola. Kabichi, anyezi ndi nyemba, zonse zinali zitagona m'matope.

Bambo ake anawerama, n'kutapa dothi ndi chala. Analilawa, kenako analavula.

"Walowa mchere," anatero. "Muno simumeranso kanthu. Mwina zaka zitatu, mwina zisanu."

Kwawoko mayiyu ankamuitana kuti Mzime, poti ndiye anali wotsiriza kubadwa, ndipo dzinalo linamukakamira ngakhale anali atakwanitsa zaka makumi anayi. Panali patangotha miyezi iwiri chibwerereni kuchokera ku tauni. Hotela imene anagwirako ntchito yoyala mabedi ndi kukwecha mabafa kwa zaka khumi ndi zinayi inali itatsekedwa, ndipo banja lake linatha chaka chomwecho. Anafika kwa bambo ake ndi masutikesi awiri ndi ketulo, akuganiza kuti apumako pang'ono kwinaku akuthandiza kulima. Tsopano munda umene anathawirako nawonso unali utafa.

Inu amene mukuwerenga, ngati munagwapo, kenako pamene munagwerapo n'kugumukanso, mukudziwa mmene mtima wake unalili tsiku limenelo.

Loweruka lotsatira achimwene ake anabwera kuchokera ku tauni, kumene ankagwira ntchito yoika magetsi m'nyumba za anthu. Anabwera ndi mapepala. Kampani ina inkafuna kugula minda ya m'mphepete mwa nyanjamo kuti imangepo nyumba zogulitsa.

"Abambo, musavutikenso," anatero achimwene atakhala pa tebulo la m'khitchini. "Sainani apa. Kwa ine chipinda chilipo, chipatala chili pafupi. Iwe Mzime, ntchito tikakufunira ina."

Abambo anawayang'ana mapepalawo nthawi yaitali. Anali okalamba, mawondo ankawavuta, ndipo pa famupo panali patangotsala ng'ombe zinayi, nkhuku zochepa ndi thirakitala yakale imene inkalira ikafuna.

"Ndipatseni chaka chimodzi," anatero Mzime. Iye mwini sankadziwa kuti alankhula zimenezo.

"Ulimamo chiyani? Mchere?"

"Sindikudziwa, achimwene. Koma musawasainitse lero."

Abambo anapinda mapepalawo n'kuwatsindira ndi chitini cha shuga. "Wamumva mlongo wako. Chaka chimodzi."

Milungu itatu inadutsa Mzime akungotola zinyalala zimene nyanja inasiya m'munda, maganizo osabwera. Ndiye masana ena, galimoto yokoka kalavani inaima pa geti. Kalavani ndi kanyumba kamatayala, kokhala ndi bedi ndi kakhitchini mkati, kamene anthu amayenda nako pa tchuthi. Tayala lake limodzi linali litaphulika, ndipo losinthira linali lopanda mpweya. Munatuluka mphunzitsi wina wopuma ntchito ndi akazi ake. Malo okonzera matayala anali otseka mpaka Lolemba, choncho anapempha kuti aime m'mundamo.

Mzime anawalola. Ndipo poti dzanja linazolowera za ku hotela, sanathe kungowasiya. Anawatengera matawulo ochapa bwino, ndowa ya madzi otentha, mkaka ndi mazira. Anawafunsanso ngati amadwala msana, kuti awabwereke mpando wabwino.

Tayala linakonzedwa Lolemba, koma alendowo anachoka Lachisanu.

"Mwana wanga, ife tayenda malo ambiri," anatero akazi a mphunzitsi potsanzika. "Kwinaku amatipanikiza ngati nsomba za m'chitini. Pano ndikatsegula chitseko ndikuona nyanja, ndikatembenuka ndikuona ng'ombe. Kodi mumalipiritsa bwanji?"

"Sitilipiritsa, amayi. Uno ndi munda chabe."

"Ndiye yambani."

Mzime atawauza abambo ganizolo, anatsala pang'ono kutsamwa ndi tiyi.

"Munda wanga usanduke poimika magalimoto? Anthu osawadziwa azidzayanika zamkati pa waya wa ng'ombe zanga?"

"Abambo, kabichi wakana. Tiyeni tiyese kubzala anthu."

Abambo sanaseke, komanso sanamuletse.

Mzime anayamba ndi zimene zinalipo. Anatsuka kanyumba kamene kale ankasungiramo feteleza, n'kuikamo chimbudzi chimodzi ndi bafa limodzi. Anakoka paipi kuchokera pa chitsime. Anazula chitseko chakale cha nkhokwe, n'kulembapo ndi penti kuti anthu a matenti ndi makalavani ndi olandiridwa, n'kuchikhoma pamsewu. Anajambula nyanja ndi foni yake n'kuika zithunzizo pa intaneti.

Tchuthi chitafika, kunabwera mabanja asanu ndi atatu, ena ndi matenti, awiri ndi makalavani. Mzime anasangalala kwambiri. Anawaika onse kumunsi, pafupi penipeni ndi mchenga, kumene nyanja imaoneka bwino.

"Kumunsiko ayi," anatero abambo akudutsa ndi ndowa ya mkaka.

"Alendo abwerera nyanja, abambo."

Abambo anapitiriza ulendo wawo wa kukhitchini.

Tsiku lachiwiri masana kunayamba mvula ya mphepo. Zikhomo za matenti zinazuka mumchenga ngati mano a nkhalamba. Tenti ina inauluka n'kukagwera m'khola, ng'ombe n'kubalalika. Kalavani ina inatitimira m'matope mpaka matayala osaoneka. Chimbudzi chija chinatsekeka, anthu makumi atatu ali pamzere. Ana ankalira, amayi awo akukolopa madzi m'zikwama, ndipo Mzime ankangothamanga uku ndi uku akupepesa.

Abambo ndiwo analiza thirakitala, mvula ikuwakwapula, n'kukoka kalavaniyo mpaka pamsewu.

Alendo onse anachoka tsiku lomwelo. Mmodzi analemba pa intaneti kuti malowo ndi abwino kwa abakha okha. Patatha sabata kunabwera mkulu wa zaumoyo, n'kuzungulira ponseponse, n'kulamula kuti asalandirenso munthu mpaka atakonza zinthu khumi ndi ziwiri zimene anazilemba papepala: zimbudzi zokwanira, dzenje la madzi oipa kutali ndi chitsime, potayira zinyalala, chozimitsira moto, ndi zina.

Mzime anakakhala m'kanyumba ka feteleza kaja, n'kutseka chitseko, n'kulira ngati mwana. Chimene chinkamupweteka kwambiri si mawu a abakha aja. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankadziwika kuti chipinda chimene wakonza iye mlendo sadandaula. Ntchito imodzi yokha imene ankaidziwa ndi imene inamuchititsa manyazi pamaso pa anthu.

M'mawa mwake abambo anagogoda pa chitseko cha chipinda chake ndi ndodo yawo yoyendera. M'khwapa munali mtolo wa zikhomo.

"Tenga nyundo, unditsate."

Anayenda naye munda wonse pang'onopang'ono, akugogoda pansi ndi ndodo.

"Apa madzi amagona masiku atatu, usaikepo munthu. Apa pansi pali mwala, ngakhale lole siingatitimire, khoma chikhomo. Mphepo yoipa imachokera uku. Kuseri kwa mitengo iyo siifika, ndi kumene ng'ombe zimathawira. Ukaona pamene ng'ombe yagona mvula ikamabwera, pamenepo ndi pomanga tenti."

"Bwanji simunandiuze zonsezi, abambo?"

"Ndinakuuza kamodzi, unandiyankha za nyanja." Anapumira pa ndodo yawo. "Nanenso ndinalakwa, ndinkafuna ugwe kuti usiye. Koma mmene unkathamangira m'mvula muja ndinaona kuti susiya. Iwe umadziwa alendo, ine ndimadziwa mundawu. Tiyeni tigwirire limodzi."

Pofika masana anali atakhoma zikhomo pamalo khumi ndi awiri, onse kumtunda. Nyanja inkaonekabe, kungoti munthu ankafunika kuyenda pang'ono kuti akaponde mchenga.

Mzime anakhoma pepala la mkulu wa zaumoyo pa chitseko cha khitchini. Zina mwa zolembedwazo sankazimvetsa, choncho anapita ku ofesi yawo kukafunsa. Ulendo woyamba sanawapeze. Wachiwiri anamuuza kuti atanganidwa. Wachitatu mkuluyo anamuyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kutenga pensulo, n'kumujambulira mmene dzenje la madzi oipa limakumbidwira ndi mmene mapaipi amapendekera.

Abambo anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti pagulidwe simenti ndi mapaipi. Tsiku limene ng'ombezo zinkakwezedwa pa lole, anakhala m'nyumba, sanafune kuona. Mzime anadziwa kulemera kwa zimene abambo ake anachita, ndipo kuyambira tsikulo sankadikira kuti dzuwa limupeze pabedi. Ankatuta timiyala ndi wilibala kuti akonze msewu wa makalavani. Manja ake, amene anazolowera nsalu zofewa za ku hotela, anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, kenako n'kuuma gwa. Chinthu chilichonse chikatha, ankachidula mzere papepala la pa chitseko lija.

Chaka chija chinatha zinthu zinayi zisanadulidwe mzere, popanda mlendo ndi mmodzi yemwe. Achimwene anabwera pa tsiku lake lenileni. Anapeza mlongo wawo ali m'ngalande mpaka m'chiuno, nkhope yonse matope.

"Chaka chatha," anatero.

"Chathadi," anayankha abambo ali pa mpando pambali pa ngalandeyo. "Vula jekete, fosholo ina iyo."

Achimwene sanavule jekete. Anazungulira mundawo okha, akuyang'ana zimbudzi zatsopano, msewu wa timiyala ndi zikhomo zija. Kenako anakwera galimoto n'kumapita, osatsanzika bwino. Mzime anaganiza kuti ubale wasokonekera.

Patatha milungu iwiri achimwene anabweranso, galimoto itadzaza mawaya, mitengo yachitsulo ndi mabokosi a masoketi.

"Makalavani amafuna magetsi," anatero akutsitsa katunduyo, osamuyang'ana mlongo wawo. "Usaitane munthu wina, angatiwotchere abambo. Ndizibwera Loweruka lililonse mpaka titamaliza."

Za mapepala a kampani sanazitchulenso.

Mkulu wa zaumoyo atabweranso, anatsegula mipope yonse, anasuzumira m'dzenje, n'kusaina chilolezo. Tsiku lomwelo Mzime analembera mabanja onse asanu ndi atatu amene ananyowa aja. Anapepesa mosazungulira, anafotokoza zimene wakonza, n'kuwapempha kuti adzayesenso. Anayankha awiri okha. Wa abakha uja sanayankhe mpaka lero.

Koma awiriwo anabwera, ndipo mvula inagwanso, matenti awo osagwedezeka n'komwe. Anakauza anzawo. Chimene anthu ankasimba kwambiri chinali mabafa: ankati sanaonepo malo ogona m'matenti okhala ndi bafa lowala chonchija. Apa ndi pamene zaka khumi ndi zinayi zokwecha mabafa a anthu zinabala zipatso.

Nawo abambo anasintha. Munthu amene ankadana ndi alendo anayamba kudzuka m'mamawa kudikira mabanja ofuna kuona kukama mkaka. Ankawalondolera kumene kuli kotetezeka kusambira ndi nthawi imene madzi a nyanja amadzaza ndi kuphwera. Mzime ankawaseka kuti alendo akuchedwa kunyamuka chifukwa cha nkhani zawo zosatha.

"Ndikuthirira mbewu zako," ankayankha choncho.

Pofika chaka chachitatu malo oimikapo anali atakwana makumi awiri, ndipo pa tchuthi ankadzaza onse. Mzime anaitana anzake awiri amene anachotsedwa nawo limodzi ku hotela kuja kuti adzagwire naye ntchito. Abambo anagulanso ng'ombe.

Tsiku lina kunabwera mayi wa munda woyandikana nawo, wamasiye, amene nayenso mchere unamuwonongera mbewu. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akukamba za nyengo ndi za nkhuku, mpaka Mzime anamufunsa chimene wadzera.

"Ndikuchita manyazi, anzanga," anatero mayiyo. "Ndimafuna nanenso ndiyese za matentizi. Koma ndikuopa kuti muziti ndikukulandani alendo."

Achimwene, amene anali pamakwerero akusintha babu, anatsokomola mokweza kuti mlongo wawo amve.

Mzime anaseka. "Achimwene, tchuthi chapitachi ndabweza mabanja angati pa geti chifukwa malo adzaza? Ndinkawauza kuti apite kuti?" Kenako anatembenukira kwa mayiyo. "Mawa m'mawa tibwera ndi abambo, adzakuonereni munda wanu. Zimene ndinalakwitsa ine ndikuuzani zonse, kuti inu mudzalakwitse zina."

Lero m'mphepete mwa nyanjamo muli minda isanu yolandira matenti ndi makalavani, yolumikizidwa ndi kanjira ka miyendo. Wina akadzaza amaimbira mnzake foni. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa asanuwo amene anagulitsa malo ake.

Ndakuuzani nkhaniyi chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu ntchito inakutherani, ena munayesa chinthu n'kugwa anthu akuona, ena nthawi imene munapatsidwa yatha musanamalize. Mzime zonsezi zinamuchitikira. Yang'anani chimene manja anu amadziwa kale, ngakhale anthu amachipeputsa. Funsani amene muli nawo pafupi zimene iwo amadziwa, ndipo akakuyankhani mumvere. Pamene mwalakwitsa pepesani, konzani, mawa mudzukenso. Mtima wanuwo muugwire zolimba, musautaye.