Amayi a Fulasiki Yofuka Utsi

Amayi amene tayandikana nawo nyumba kuno ku Mchengautuwa sadziwa kucheza. Ukawapatsa moni amangoti "yewo," n'kupitirira. Amagwira ntchito ku labotale, kumene amachotsa tizidutswa ta tizilombo ta matenda m'magazi a odwala, n'kutiumitsa msangamsanga m'madzi ozizira koopsa, ofuka ngati utsi. Maikulosikopu yotha kuona tinthu tating'ono chonchi ili kunja kwa dziko, ndiye tizidutswato tiyenera kukafika kumeneko tisanasungunuke. Iwo amati, "Kanthu kakangofunda, kamayamba kunama."

Chaka chimene kunabuka mphekesera za anamapopa, galimoto ya kuntchito kwawo inafera pafupi ndi msika wathu. Anatsika, fulasiki yaikulu ya tizidutswa tija ili pachifuwa, kuti akapeze galimoto ina. Anthu atangoona utsi pachivundikiro anawazungulira.

"Khuthulani pansi tione ngati si magazi!" anakuwa bambo wina wogulitsa makala.

Akanayankha chiyani, poti za m'fulasikimo zinachokeradi m'magazi? Anagwada n'kuikumbatira fulasikiyo, mutu n'kuusiya pamtunda. Mwala unawang'amba pamwamba pa diso. Enafe amene timawadziwa tinalankhula mochedwa, apolisi atafika kale.

Ndikuwapukuta ndi chitenje changa, ndinawafunsa kuti bwanji sanangoitaya.

"Ana amene anapereka magazi awa anaikidwa kale m'manda, mama," anatero. "Ndikapempha ena kwa ndani?"

Diso lija silionanso. Bambo wa makala uja amawapatsabe moni m'mawa uliwonse, ndipo iwo amangoti "yewo."