Kachipsera ka Pansi pa Bere la Agogo

Ndinadzuka tambala asanalire, ndili pamphasa pakati pa amayi amene anachezera kuimba. Kunali chisanu cha mu Juni. Kuseri moto unali utayaka kale, ndipo adzukulu anali atanyamula makasu kupita kumanda.

Agogo ndi amene anandilera makolo anga atamwalira. Zaka zinayi m'mbuyomo, amalume anga ogwira ntchito ku Joni anawatenga kukachitidwa opaleshoni ya mtima, ine n'kupita nawo kukawadwazika.

Kutacha, amayi atatu achikulire analowa kukasambitsa thupi la agogo, ine ndikuwatungira madzi. Mmodzi anaima ataona kachipsera kakang'ono pansi pa bere lamanzere.

"Opaleshoni ya mtima kameneka? Ine pobereka anandicheka kuchokera pamchombo mpaka pansi. Apa anachotsapo kanthu."

Mawuwo sanachedwe kutuluka panja. Anthu a ku Mlonyeni ndi a kutsidya kwa malire ankatsika panjinga n'kupeza nkhani ili m'kamwam'kamwa: akuti amalume anatenga chizimba m'thupi la mayi awo kuti alemere. Adzukulu anasiya kukumba. Amalume anakhala okha pansi pa mtengo wa mango, popanda wowapepesa.

Ine ndine wosalankhulalankhula, koma ndinagwada pamaso pa amayi aja. Ndinawauza zimene dokotala anatifotokozera: fupa la pachifuwa la munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu likachekedwa limavuta kulumikizana. Choncho anadzera pakati pa nthiti, n'kulumikiza mtsempha wina kuti magazi azilambalala wotsekekawo, mtima ukugundabe. Balalo ndinkalitsuka ndine mpaka linapola.

Wamkulu pa onse anati, "Anzanga, wochotsedwa chizimba angalime mtedza zaka zinayi? Mayiyu chaka chatha anatiposa tonsefe pokumba."

Anatumiza uthenga kumanda, makasu anayambanso kumveka.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka, kwaya ya mphakati wathu ili patsogolo, mphepo ikuulutsa fumbi m'minda yokololedwa. Amalume anayenda kumbuyo kwa bokosi, amuna awiri atawagwira m'mapewa. Dothi loyamba anaponya ndi iwo.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Amalume anakhala pakhonde nthawi yaitali, kenako anandiitana.

"Iwe, kachipserako ine sindinakaonepo. Kanali kotalika bwanji?"

Ndinawaonetsa chala changa chamkombaphala. Anachigwira, osachisiya.