Fani ya Bambo a Luso

Ku Tyrrelstown kuno, ku Dublin, mukafunsa za Tarsizio, anthu angokuyang'anani. Koma mukangoti "bambo a fani aja," aliyense amagwira nthiti. Ine Louisa, amene ndinkakhala khomo loyandikana ndi lake, ndinali patsogolo pomuseka, ndipo sindikubisa.

Tarsizio kwawo ndi ku Nchalo, kotentha moti mbuzi zimalimbirana mthunzi wa njinga. Anafika ku Dublin mu 2004 n'kupeza ntchito yosamalira okalamba. Ndi munthu wamfupi, wosekaseka, woyenda mothamanga ngati basi ikumusiya. Koma mumtima anali ndi chilonda. Tsiku lomwe anakaonekera kwa makolo a Scholastica, mayi a mtsikanayo, Anachisale, anali pakhonde akudzikupiza ndi chivindikiro cha poto. Analankhula mokweza dala kuti amve: "Mnyamata wopanda ngakhale fani m'nyumba? Mwana wanga adzafa ndi thukuta." Ukwati unachitika ndithu, koma kwa zaka zisanu ndi ziwiri apongoziwo sanamutchulepo dzina. Pa foni ankangofunsa kuti, "Ujeni uja ali bwanji?"

Mu 2010 chuma cha dziko lino chitalowa pansi, nyumba zambiri zinali pululu ndipo lendi inatsika. Banjalo linalowa m'nyumba yosanja, ya zipinda pansi ndi pamwamba. Tarsizio anaijambula mbali zonse, ngakhale kuseri kwa mabini. Vuto linali limodzi: akayatsa boila yotenthetsa nyumba, kutentha konse kunkathawira m'mwamba, pansi n'kumazizira ngati m'filiji ya kubutchala. Mwininyumba, mzungu womanga nyumba amene ntchito inamuthera, anangotambasula manja. Anati asankhe okha, kudikira mpaka iye adzathe kukonza mapaipi, kapena kugula mahita amagetsi a pansipo.

Sabata yomweyo kunabwera uthenga woti Anachisale apeza viza, akubwera mu Disembala kudzaona mdzukulu wawo wakhanda, Luso. Scholastica anatuma mwamuna wake kumashopu a ku Blanchardstown kuti akagule mahita awiri.

Masana ndinamva phokoso panja. Nditasuzumira, ndinaona chifani chachitsulo, chachikulu ngati gudumu la thirakitala, chikubwera mumsewu chili ndi miyendo iwiri. Pansi pake panali Tarsizio atachisenza pamutu. Anachigula motchipa pa selo ya katundu wa fakitale ina imene inkatsekedwa, ndipo dalaivala wa basi anamukana nacho.

"Bambo a Luso, ndinakutumani ma heater!" anakuwa Scholastica pakhomo. "Ndi November uno! Mukufuna kuziziritsa ndani?"

"Amayi akubwera," anayankha Tarsizio, mano onse pamtunda. "Adzaone okha."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa udzu wonyowa. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika kutchalitchi, ndipo amene anaifikitsa ndine.

Anachisale anatera limodzi ndi sinowo amene ngakhale eni dziko ankati sanamuonepo. Anawakonzera chipinda chofunda cha m'mwamba, koma iwo atayang'ana masitepe anapukusa mutu. "Mawondo angawa sangakwere. Komanso ine ndigone khoma limodzi ndi mkamwini? Zimenezo ayi." Anayala pabalaza pansi, pozizira penipeni paja. Chifani chija anachiona chili pakona, anangoti "Mhm."

Tarsizio anathamangira kumashopu, koma mahita onse anali atatha. Mayi aja anavala zitenje zitatu, majuzi awiri, jekete langa ndi mabulangeti anayi, n'kumaoneka maso okha. Tsiku lachitatu anauza mwana wawo kuti asinthe tikiti. "Ujeni uja anandiitanira kudzandipha ndi chisanu. Ndikafere kwathu."

Apa kuseka kunandithera. Ndinamumvera chisoni mnzanga, chifukwa mayi aja akanapita choncho, iye akanakhala "ujeni" mpaka kumanda.

M'mawa mwake ndinapita ndi mandasi. Tarsizio anali m'mwamba, monga mwa ulemu wakwathu woti mkamwini sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi ake. Anaima pamwamba pa masitepe atavala vesiti yokha, thukuta lili kamukamu pamphumi, mapazi akuzizidwa. Anagwira pamutu, anagwira kumapazi, kenako anakuwa ngati wagoletsa chigoli.

"Louisa! Tandigwirirani uku!"

Tinachikweza chifanicho movutikira, iye akukoka, ine ndikukankha ndi kutukwana chamumtima. Anatsegula zitseko zonse za m'mwamba, anakweza boila mpaka pamapeto, analozetsa fani kumunsi n'kuyatsa.

Abale inu! Kalendala inauluka. Matewera a Luso anawoloka pabalaza ngati akakowa. Duku la Anachisale linakakodwa pa nyale, iwo akuitana oyera mtima mmodzimmodzi. Scholastica ankathamangitsa makalata uku akukalipa, koma mawu ake ankapita ndi mphepo.

Kenako tonse tinazindikira chinthu chimodzi. Mphepo imene inkatsika masitepe inali yofunda. Kutentha konse kumene kunkangotayika m'mwamba kunayamba kudzaza pabalaza.

Bulangeti loyamba linagwa. Lachiwiri linatsatira. Patatha theka la ola Anachisale anandibwezera jekete langa, n'kutenga mbale ya mandasi, kukhuthulira mandasiwo patebulo, n'kuyamba kudzikupiza nayo. Anatembenukira kukhoma, monga amachitira apongozi akamalankhula mkamwini ali pafupi.

"Scholastica, tikiti ija uisiye. Ndipo ukawauze bambo a Luso kuti fani yawo ndaiona." Anapukuta pamphumi. "Koma achepetseko pang'ono, ndingafe ndi thukuta."

Ndinakweza maso. Tarsizio anali atakhala pamwamba pa masitepe, misozi ili mbwembwembwe, akuseka. Anandiuza kuti mphepo yamulowa m'maso. Sindinamutsutse, ngakhale anali kuseri kwa fani.