Sarijento Casimiro ndi Dzina Lenileni

Casimiro ndinamudziwa tili ana pa mishoni, zaka zomaliza za Apwitikizi. Anabwera naye ndi woyendetsa lole wina amene anamutola m'mbali mwa msewu pa nthawi imene anthu ankathawa nkhondo. Atamufunsa kuti amayi ake ndani, anati, "Amayi." Abambo ake? "Ababa." Kwawo? Analoza kumapiri. Apadiri anamubatiza Casimiro, ndipo dzina limeneli ndi lokhalo limene wakhala nalo moyo wake wonse. Ku jando sanapiteko, panalibe woti amuperekeze. M'kalasi masamu ankamuvuta, ndipo mu tchalitchi ankaimba mokweza kuposa mmene mawu ake ankayenerera.

Titakula ine ndinalowa uphunzitsi, iye upolisi. Tinadzakumananso ku Lichinga tonse imvi zitayamba, iye ali sarijento pa esikwadara yaing'ono, kutanthauza polisi ya m'dera, kufupi ndi sukulu imene ndinkaphunzitsa. Inali nyumba imodzi ya malata, benchi panja, ndi njinga yamoto imene inkakhala yowonongeka masiku ambiri. Anzake ankakonda milandu ya mbava. Ntchito ya ana anamusiyira iye, poti panalibe wina ankaifuna.

M'mawa wa mwezi wa Juni, nkhungu itaphimba mitengo ya paini mpaka kunsi, chimene unkayamba kumva pa msewu wa kusukulu chinali wezulo ya Casimiro. Mwini wakeyo unkamuona pambuyo, ataimirira pakati pa msewu, mkono m'mwamba, shapa, minibasi ya kuno, itaima yodzaza anthu, ana akuwoloka manja ali m'khwapa chifukwa cha chisanu. Oyendetsa mashapa ankamutukwana chamumtima. Ana otayika pa msika ankapita nawo kwa iye. M'kabati ya ofesi ankasungamo bulangete, ndipo mbatata zophika zimene ankanyamula kuti adye masana nthawi zambiri zinkathera m'mimba mwa mwana wa eni. Akamva mayi akuopseza mwana kuti, "Ukalira ndikuitanira apolisi," ankawoloka msewu kukamudzudzula pomwepo, ngakhale pamaso pa apongozi a mayiyo. Anali wamakani. Akaganiza chinthu sankafunsa munthu.

Chimene chinkamupweteka n'chakuti ana otayikawo ankayankha mofanana onse. Amayi ako ndani? Amayi. Choncho anapempha Komandanti Gilberto, mkulu wa esikwadarayo, kuti amulole kulowa m'masukulu tsiku limodzi pa sabata. Ankaphunzitsa ana kuyang'ana uku ndi uku asanawoloke, kukana kukwera njinga yamoto ya munthu wosamudziwa, ndi kusathawa akaona yunifomu. Pomaliza ankawaimbitsa nyimbo imene anapeka yekha. Mwana mmodzi ankaimirira n'kuimba kuti, "Ine ndine uje, mwana wa uje, kwathu n'kwakuti," kalasi yonse n'kuvomera, "Tamva, tamva, sutayika!" Casimiro ankaomba m'manja, chipewa chili pa tebulo, nkhope ikuwala ngati ya mkwati. Nyimboyo sinali yokoma kwenikweni, koma ana anaikonda, ndipo ife aphunzitsi tinkadzipeza tikuing'ung'udza popita kunyumba.

Vuto linali lakuti ana ambiri ankaimba kuti "mwana wa Ababa." Tsiku lina Casimiro anaimitsa nyimbo.

"Ababa si dzina! Lichinga yense ndi Ababa okhaokha. Mukafike kunyumba mukafunse dzina lenileni la abambo anu. Mwamva? Lenileni!"

M'kalasimo munali mtsikana wamng'ono dzina lake Zawadi, mwana wa Che Mahamudo, mkulu wolemekezeka ku mzikiti amene ankagulitsa usipa ndi utaka wouma wochokera ku Meponda. Zawadi anali mwana womvera. Kufunsa bambo ake anaopa. Atafunsa amayi ake, iwo anagwira pakamwa n'kumuthamangitsa, poti mkazi satchula dzina la mwamuna wake ngati akuitana mwana. Ndiye anapita kwa agogo ake, mayi wa Che Mahamudo, amene ankakhala pakhomo pomwepo.

"Lenileni?" anatero agogowo. "Limene ndinamupatsa ine? Kambuzi. Anabadwa wamng'ono, wofiira, wolira kowawa ngati tsabola."

Kwa amene sanakulire kuno ndifotokoze. Mnyamata akatuluka ku jando amatuluka ndi dzina latsopano, la ubwana amalisiya kutchire komweko. Kumuitana nalo ndi chipongwe chachikulu, ngati kumuvula nsalu pagulu. Casimiro ponena kuti lenileni ankangotanthauza dzina limene anthu amamudziwira munthu. Iye anali ndi dzina limodzi, ndipo ankayesa kuti aliyense ali choncho.

Loweruka m'mawa, msika utadzaza, Zawadi anafuna kuti bambo ake amve kuti waphunzira. Anaima pafupi ndi madengu a usipa, manja m'mbali ngati msilikali, n'kukweza mawu: "Ine ndine Zawadi, mwana wa Kambuzi!" Ana ena a pasukulu pathu amene anali pafupi anavomera mmene anawaphunzitsira: "Tamva, tamva, sutayika!"

Ine kunalibeko, koma amene analipo amati msika wonse unacheuka. Kenako mayi wina wogulitsa tomato anayamba kuitanira malonda ake: "Kambuzi apa! Kambuzi wowawa, wokhwima bwino!" Mzere wonse wa amayi unagwa ndi phwete. Che Mahamudo anaphimba madengu ake n'kupita kunyumba dzuwa lisanafike pamutu.

Lolemba Che Mahamudo anafika pa esikwadara ndi akuluakulu anzake a ku mzikiti, ndi makolo ena a ku tchalitchi amene nawonso anatopa kumva ana akuimba maina awo m'misewu. Komandanti Gilberto sanali munthu wokonda phokoso. Anaimitsa maphunziro aja tsiku lomwelo, n'kuuza Casimiro kuti ngati Che Mahamudo sachotsa dandaulo lake, amutumiza kukalondera geti la nyumba yosungiramo katundu kunja kwa tauni, mpaka adzapume. Kumeneko kunalibe sukulu, kunalibe msika, kunali fumbi ndi malole basi.

Casimiro anabwera kwathu ali wakuda nkhope. Anandipempha kuti ndimuperekeze, poti munthu wolakwa sapita yekha kukapepesa, komanso Chiyao changa chinali chabwinoko. Tinapita Lamulungu masana. Iye anavula yunifomu, anavala jekete la ku tchalitchi, n'kunyamula tambala wamoyo m'khwapa. Wophedwa kale Che Mahamudo sakanamulandira, Msilamu amazinga yekha.

Tinapeza Che Mahamudo ali pa mkeka pakhonde, mayi awo ali chapatali akusenda nyemba m'lichero. Titapatsana moni anatiloza pokhala, koma tambalayo sanamuyang'ane n'komwe. Ine ndinayamba mawu opepesa mwa mwambo. Sanandilole kumaliza.

"Apurofesolo, inu simunandilakwire. Alankhule mwini wake. Che polisi, dzina likatuluka m'kamwa limabwereranso?"

"Silibwerera, ambuje."

"Tambala wanuyu akapita ku msika kukalitola?"

"Ayi."

"Nanga mwabwera naye kudzatani?"

"Ndinasowa china chonyamula," anatero Casimiro.

Mayi aja anaseka osadzutsa mutu. "Kodi dzinalo laipa pati? Ndinalisankha ndine, ndili pa mphasa ya uchembere, iwe usanadziwe ndi mphuno yako yomwe."

"Amayi, chonde, pano pali alendo."

"Mwaona, alendo? Kupsa mtima komweku. Ndinalakwitsa ngati?"

Ndinayang'ana pansi kuti ndisaseke. Casimiro, mwa makani ake aja, anaona ngati wapeza mpata. "Koma ambuje, tiganize za mwana. Akatayika pa msika, ine ndikamufunsa..." Ndinamuponda phazi. Sanamve. "Ndikamufunsa aziti chiyani? Ababa? Ndikafuna kuti Ababa ameneyo?"

"Ndani wakana kuti mwana wanga adziwe dzina langa?" anatero Che Mahamudo. "Inu mwangodumpha mpanda. Dzina ndi langa, inu n'kutuma mwana kukalitenga kuseri. Kenako n'kuliimbitsa! Kodi ku mishoni kwanuko anakuphunzitsani kuti dzina la munthu wamkulu lizifuulidwa m'misewu ngati la mbu..." Anaima. Anafuna kunena mbuzi yothawa. Mayi awo anaika lichero pansi n'kuseka mpaka kutsokomola, ndipo mkazi wa Che Mahamudo, amene ankamvetsera kuseri kwa chitseko, anathawira kukhitchini.

Che Mahamudo sanaseke, koma mapewa ake anatsika pang'ono. Anasisita ndevu. Kenako ananena zofuna zake, mmene amanenera mtengo wa usipa, osafuna kunenerera. Dzina azipereka mwini wake kwa mwana wake, limene iye wasankha. Mwanayo azilisunga, n'kulinena kwa wapolisi yekha, m'khutu. Ndipo nyimbo ija ithe.

"Yonse?" anafunsa Casimiro.

"Yonse."

"Ngakhale povomera pokha, poti tamva tamva? Pamenepo palibe dzina la munthu."

"Che polisi, mawu amenewo ndimawamva ndi kutulo komwe. Yonse."

Casimiro anakhala akuyang'ana tambala uja nthawi yaitali. Ndinkamudziwa bwino, ndipo ndinaopa kuti adzuka n'kusankha geti la fumbi lija chifukwa cha nyimbo. Munthuyu analibe mkazi pa nthawiyo, analibe mbale, ndipo sindikudziwa chinthu china chimene anapangapo ndi mutu wake chimene anthu anachilandira. Pomaliza anati, "Chabwino, ambuje. Yatha." Che Mahamudo anaitana mkazi wake kuti adzatenge tambalayo.

Ananena kuti apita kwa komandanti m'mawa mwake. Sanapite. Anamusiya Casimiro akudikira pa benchi ija pafupifupi sabata yonse, akudzuka nthawi iliyonse akaona munthu wa mkanjo woyera akubwera. Anafika Lachisanu atachoka ku swala ya ku mzikiti, n'kuchotsa dandaulolo ndi mawu ochepa.

Sindinena kuti zonse zinatha bwino. Dzina lija silinachoke pa msika. Amayi a tomato analisunga zaka zambiri, ndipo Che Mahamudo pogula tsabola ankangoloza ndi chala. Akakumana ndi Casimiro ankakweza dzanja, osaima. Ana ena, makamaka amene anali ndi makolo ouma mtima, sanapatsidwe dzina lililonse, ndipo ankangonong'oneza dzina la dera lawo. Komanso panabadwa vuto lina. Ana aang'ono anayesa kuti wapolisi aliyense ayenera kuuzidwa, choncho wapolisi akangoima pa mphambano, kamwana kankamukoka thalauza kuti awerame. Anyamata atsopano pa ntchitoyo ankadandaula kuti makutu awo adzaza maina a anthu osawadziwa ndi malovu a ana. Komandanti Gilberto mwini wake anagwidwa thalauza ndi kamwana tsiku lina pa khomo la banki, atavala zake zonse za ulemu, ndipo anawerama.

Tsopano Casimiro anapuma, amalima mbatata ndi nyemba ku Lione, ndipo bondo limamuvuta nthawi yachisanu. Pa msewu wa kusukulu pamaima mtsikana wapolisi wa jekete lowala, amagwira ntchito yake bwino. Ana amasiku ano amaloweza nambala za foni. N'zachangu, sindikutsutsa. Koma ndikadutsa pamenepo m'mawa wa nkhungu ndimachepetsa liwiro, ngati pali chimene ndikuyembekezera kumva.

Tsiku limene Casimiro anabwerera m'kalasi, mlandu uja utatha, ndinapempha kuti ndikhale nawo. Analowa mwakachetechete, anafotokoza za kuwoloka msewu ndi za njinga zamoto monga kale. Itafika nthawi ya nyimbo ana anayamba kugwedezeka pa mabenchi, ena atakweza kale manja kuti aombe. Iye anapukusa mutu. Anatenga kampando ka mwana, anakhala pafupi ndi khomo mawondo atafika pachifuwa, anavula chipewa, n'kuuza ana kuti abwere mmodzimmodzi. Kalasi imene inkagwedeza malata ndi phokoso inangomveka mapazi pa simenti. Mwana aliyense ankafika, kuphimba pakamwa ndi manja awiri, kunong'ona, Casimiro n'kugwedeza mutu.

Zawadi anabwera kumapeto. Chichitikire zija anali asanalankhulepo m'kalasi. Anaima patali pang'ono, maso pansi. Casimiro sanamuitane, anangopendeketsa mutu n'kudikira. Mtsikanayo anasendera, ananong'ona mwachangu, n'kuthamangira pamalo pake.

Titatuluka ndinamuperekeza mpaka pa geti la sukulu.

"Wakuuza dzina liti?" ndinamufunsa. "Bambo ake amupatsa liti?"

Anavala chipewa chake, n'kuchikonza bwino.

"Si lanu limenelo, apurofesolo," anatero, n'kuwoloka msewu.