Mtengo Umene Ndinatchula Unalanda Mlongo Wanga Chigayo

Inu owerenga, ine ndinatayitsa mlongo wanga chigayo chimene chinkalera ana ake, n'kuchipereka kwa munthu amene ndimadana naye kuposa wina aliyense m'boma lonse la Dowa. Sanandilodze ayi, ndipo sindinali nditamwa kalikonse. Ndinali nditavala jekete yanga ya kutchalitchi, nditakhala pa mpando wa ankhoswe, ndikudziona wochenjera. Ndikufuna mumve bwino mmene zinayendera, chifukwa ambiri a inu muli ndi alamu amene mumawasungira mkwiyo ngati ine.

Kwathu ndi kwa Dzoole, ndipo ndimalima fodya ndi chimanga. Amalume atamwalira mbumba inatsala m'manja mwanga, choncho ndine ndinali nkhoswe ya mlongo wanga Esinati. Mwamuna wake anali Layisoni wa ku Ntchisi, munthu wa pakamwa potsekemera koma wa manja olephera kugwira khasu. Awiriwa anatsegula chigayo pamsika wa kwathu ndi ndalama za soya. Ndikunena kuti awiriwa pongolemekeza ukwati, koma wogwira ntchito anali Esinati. Ankalawirira m'mamawa n'kubwerako dzuwa litalowa, nsidze zili mbuu ndi ufa. Layisoni ankangofika madzulo kudzafunsa kuti zalowa zingati.

Chaka china mkulu ameneyu anatulukira ndi galimoto. Musaganize kuti inali kapikapu koti n'kunyamula mabelo a fodya kapena kuthamangitsira wodwala kuchipatala. Inali galimoto yachikasu ya zitseko ziwiri ndi mipando iwiri, yogwada pansi ngati bakha, ija anyamata amaitcha sipoti. Anaigula yakale kwa munthu wina ku Lilongwe, ndi ndalama za chigayo. Thumba la chimanga silinkalowamo. Ana ake atatu sanakwerepo onse pamodzi. Patapita nthawi tinamva kuti mpando wachiwiriwo unali ndi mwini wake kale, mayi wina wa ku Mvera, ndipo ukwati unathera pamenepo.

Nyumba inatsala kwa Esinati popeza inamangidwa pamudzi pathu. Mbuzi, mipando ndi ziwiya tinagawa popanda phokoso. Zinatsala zinthu ziwiri, chigayo ndi galimoto, ndipo pamenepa m'pamene tinkangotsala pang'ono kugwirana m'makosi. Kukhoti sitinafune kupitako, ndiye mbali zonse zinagwirizana kuti mkulu wina wa mpingo wathu, bambo wofatsa amene onse tinkamulemekeza, akhale mkhalapakati. Iye anati tichite monga timachitira tikapha ng'ombe yosonkherana, kuti wodula nyama sayamba kusankha. Mbali imodzi inene kuti chachikulu n'chiti pakati pa chigayo ndi galimoto, inenenso chimene wotenga chachikulucho awonjezere kwa mnzake. Mbali inayo isankhe chimene ikufuna. Ine ndinalumphira udindo wotchula mtengo asanamalize n'kuyankhula komwe, poopa kuti Layisoni angatipusitse.

Sindinama, ndinafufuza ndithu. Ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe kwa anthu ogulitsa magalimoto akale, zithunzi za galimotoyo zili mufoni. Anandifunsa chaka chimene inapangidwa, mtunda umene yayenda, ngati magiya akulowa bwino, ndi kumene zipangizo zake zimapezeka ikawonongeka. Nditawauza kuti yakhala ikuyenda m'misewu ya fumbi ya ku Dowa ndi m'zitunda za ku Ntchisi, wina anaseka mpaka kugwira pamimba, nati kunsi kwake kuyenera kuti kunatha kalekale ndi miyala. Ndinafunsa malo angapo, ndipo mitengo imene ankatchula inkafanana. Galimotoyo sinkafika ngakhale pa theka la chigayo. Ine ndinawatcha akuba onsewo. Pajatu Layisoni ankadzitama pamaliro paliponse kuti galimoto yake ingagule zigayo zitatu. Munthu amene sindinamukhulupirirepo ngakhale popereka moni, pa nkhani iyi yokha ndinasankha kumukhulupirira, chifukwa bodza lakelo linkandikomera.

Nditabwerako ndinafotokozera Esinati zonse, ndipo iye sanachedwe kuyankha.

"Achimwene, ine galimoto sindikuifuna. Kaneneni zoona kuti chachikulu ndi chigayo. Iye atenge galimoto yakeyo, ife tizimuwonjezera pang'onopang'ono tikagulitsa soya. Ana anga akudya chigayo chimenechi."

Mawu oti timuwonjezere anandiwawa ngati tsabola m'maso. Munthu wakuchititsa manyazi mudzi wonse, wadya thukuta lako, kenako umupatsenso ndalama? Ndinamuuza kuti akhale chete, nkhoswe ndine, ndipo fisi ameneyu sadzalawa ngakhale tambala yathu. Maganizo anga anali akuti Layisoni sangasiye galimoto ija zivute zitani. Ankaitsuka m'mawa uliwonse asanasukusule n'komwe, ndipo mwana akaigwira ndi dzanja lakuda ankalandira khofi. Ndinati ndiikweza mtengo mpaka kumwamba, iye aitenga ndithu chifukwa cha matama, ndipo atisiyira chigayo ndi zina pamwamba. Ndinkafuna ndimuone akulira pamaso pa abale ake.

Tsiku la mkumano tinasonkhana masana m'kalasi ya Sande sukulu. Layisoni anafika pa njinga yamoto ya kabaza, nati galimoto waisiya kwa mkulu wake ku Ntchisi. Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti bwanji wodzionetsera ngati ameneyu wabwera atakwera kumbuyo kwa mnzake. Ine mkwiyo unali utanditseka m'maso. Ndinaimirira n'kuyamba kuitamanda galimotoyo ngati ndine wogulitsa, kuti liwiro lake palibe ina, kuti m'boma lonse ilipo yokhayo, kuti chigayo n'chitsulo chabe chodya dizilo. Pomaliza ndinati chachikulu ndi galimoto, ndipo woitenga asiye chigayo kwa mnzake n'kuwonjezera ng'ombe ziwiri.

Mkulu wa mpingo uja anandifunsa kuti: "Ankhoswe, mwalingalira bwino? Kumbukirani kuti osankha si inu." Esinati, amene anakhala pamphasa kumbuyo kwanga, anandikoka jekete. Ndinamusasa dzanja osacheuka n'komwe, n'kubwereza mawu anga mokweza kuti aliyense amve.

Layisoni anawomba m'manja mwaulemu ngati mkamwini wabwino, napisa m'thumba, natulutsa makiyi n'kuwaika patebulo.

"Zikomo alamu, mwayankhula ngati munthu wamkulu. Ine sindingamane mayi wa ana anga chinthu chachikulu. Galimoto atenge iwowo. Ine ndingotenga kachigayoko, ndi ng'ombe mwanenazo."

Ndinayamba kukalipa kuti ndi chinyengo, kuti anapangana ndi mkhalapakati, kuti mtengowo ndinangonena poyambira kukambirana. Ndinamutukwana Layisoni mawu amene sayenera kutuluka pafupi ndi tchalitchi, ndipo mkulu wake anaimirira atakunga zibakera mpaka anthu anatigwira. Phokoso litatha, mkhalapakati anandifunsa funso limodzi lokha, loti Layisoni akanatenga galimoto, kodi ine ndikanalola kuti mtengo ubwezedwe? Abale a Layisoni ankaseka poyera, ndipo nditacheuka ndinapeza pamphasa palibe munthu, Esinati atatuluka kale.

Ng'ombe ziwirizo zinachoka m'khola langa, popeza Esinati analibe. Zimenezo sindidandaula nazo kwambiri, zinali malipiro a uchitsiru wanga. Chimene chinandipweteka ndi chimene tinakapeza ku Ntchisi. Galimoto inali m'chigafa cha fodya, nkhuku zitaichitira zitosi padenga. Magiya sankalowa, ndipo kunsi kwake kunali kowotcherera paliponse, oilo akudontha. Inali itakhala pamenepo kuyambira nyengo ya mvula, ndipo mwini wake anali atatopa nayo kalekale. Mayi wa ku Mvera uja nayenso ankafuna chigayo, osati mpando wa galimoto yakufa. Aliyense ku Ntchisi ankadziwa zimenezi kupatula ine, amene ndinapita mpaka ku Lilongwe kukafunsa mtengo koma osaganiza zokaiona galimotoyo ndi maso anga. Tinaikweza pa lole kubwera nayo kwathu, ana a m'njira akutikuwiza.

Kuigulitsa ndiye inali ntchito ina. Alimi ankafunsa kuti imanyamula matumba angati, oyendetsa matakisi ankafunsa kuti imakwana anthu angati, ndipo onse ankachoka akupukusa mitu. Ndinabwerera kwa aja ndinawatcha akuba, ndipo ataiona anatsitsanso mtengo kuposa poyamba. Mapeto ake inagulidwa ndi munthu wophwasula magalimoto n'kumagulitsa zipangizo. Ndalama zake zinathera pa feteleza ndi fizi ya chaka chimodzi. Chaka chotsatira mwana woyamba wa Esinati, dzina lake Tiyamike, anachoka kusukulu yogonera komweko, ndipo sanabwererenso m'kalasi. Mlongo wanga anayamba kuyenda m'minda ya anthu kugwira ganyu. Chimanga chake amapita nacho kuchigayo cha kutali, kudutsa chija anachimanga yekha, mmene tsopano mumakhala mkazi wina akulandira ndalama.

Layisoni ndimadana naye mpaka lero, ndipo tikakumana pamsika ndimalavula malovu. Koma iye sanabe kanthu, anangotola chimene ine ndinamuponyera. Choncho ndikukupemphani, mukapatsidwa mpata wotchula mtengo wa chinthu, iwalani zimene mwini wake amadzitama nazo, ndipo mkwiyo wanu muusiye kunyumba. Pitani mukachione ndi maso, mufunse amene amagula zinthu zotere tsiku ndi tsiku, ndipo akakuuzani zosakukomerani musathamangire kuwatcha akuba. Mtengo wachilungamo ndi umene mungaulandire mutakhala mbali iliyonse, yogula kapena yogulitsa. Ngati mukuopa kuti mnzanu angasankhe mbali inayo, dziwani kuti mwatchera msampha umene ungakole mwendo wanu womwe. Ndipo inu ankhoswe anzanga, munthu amene mukumuyankhulira ndiye adzasenze zotsatira zake, choncho akakukokani malaya, cheukani.

Esinati sananditukwanepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikadwala amanditumizira phala. Ndinkaganiza kuti anandikhululukira. Chaka chatha ndili m'tchalitchi, ndinamva pa zolengeza kuti Tiyamike akuchita chinkhoswe, ndipo nkhoswe yake ndi mng'ono wanga. Ine mwini mbumba ndinamvera limodzi ndi alendo. Titatuluka ndinapita kwa mlongo wanga n'kumufunsa chifukwa chimene anandidumphira. Anagwada monga amachitira nthawi zonse, nayankha motsitsa mawu kuti anthu asamve.

"Achimwene, munandiyankhulira kamodzi ine, ndipo kunakwana. Mwana wangayu musiyeni."